Funsani a Malume: Kodi membrane ingabweze nikelo yotayika m'madzi?

FUNSO: Moni a Malume. Ine ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe koma makolo kwawo ndi ku Dedza, ndimagwira ntchito pa kafakitale kena ku Graniteside kopaka nikelo pa zitsulo, mabawuti, zogwirira zitseko ndi zina zotero. Madzi amene timatsukira zitsulozi amatuluka obiriwira ndipo mtima umandiwawa ndikamaona akulowa mu ngalande poti ndikudziwa kuti akathera mu mtsinje wa Mukuvisi kenako ku nyanja ya Chivero komwe tonse timamwa. Nde mnzanga wina akuti kunja kuli makina a membrane oti amachotsa madzi mpaka nikeloyo kutsala timibulu ngati shuga. Ndi zoona? Ndiwauze abwana agule?

YANKHO: Mphwanga, mnzakoyo sananame ayi. Njirayi imatchedwa membrane crystallisation ndipo amene anaitchukitsa ndi Enrico Drioli ndi Efrem Curcio a ku Calabria ku Italy, cha m'ma 2001.

Ngati unaonapo agogo akutcheza kachasu ndiye kuti theka la nkhaniyi ukulidziwa kale. Nthunzi imachoka mumphika wotentha, kudutsa mu paipi yozizira nkusanduka madontho, masese onse kutsala mmbuyo. Apa mmalo mwa paipi pali membrane ija, kansalu kapulasitiki kopyapyala, nthawi zambiri ka PTFE kapena PVDF, kokhala ndi timabowo toti diso silingaone, ndipo kansaluka kamakana madzi ngati tsamba la koko lija mvula ikagwa madontho amangogubuduzika osanyowetsa. Mbali imodzi kumayenda madzi akudawo ofunda, madigiri 50 mpaka 70 basi osafika powira, mbali inayo kukuyenda madzi ozizira. Nthunzi yokha ndiyo imadutsa. Madzi akamachepa mchere wa nikelo umanka nuchuluka mpaka madzi otsalawo kulephera kuusunga, pamenepo ndi pomwe timibulu tobiriwira ta nickel sulphate timayamba kubadwa mu thanki ya pambali, iwe nkusefa nkubwezera mu bafa yopakira. Madzi oyera aja ubwerera nawo kotsukira.

Chimene chimandisangalatsa ine nchoti sifuna pampu yamphamvu ngati reverse osmosis, njira ina yosefera madzi powakankha mwamphamvu pa membrane, imene madzi akachuluka mchere kwambiri imagonja. Iyi imafuna kutentha pang'ono chabe, kaya kwa dzuwa kaya kotsala ku boyila, ndipo kwa ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri imeneyo si nkhani yaing'ono.

Koma zoti abwana agule mawa, ayi, usafulumire. Choyamba malo ambiri njirayi ikadali yoyeserera, mafakitale akuluakulu oyenga zitsulo amadalirabe mathanki owiritsa madziwo mpaka aphwe. Ndipo pa shopu yako pali adani awiri. Madzi a mjigo a kuno ku Harare malo ena amakhala ndi laimu, umaona zoyera zija zimamata mu ketulo, zimenezo zikamata pa membrane timabowo timatsekeka. Mdani wachiwiri ndi woopsa kuposa, mu bafa ya nikelo mumathira mankhwala okhala ngati sopo kuti chitsulo chisatuluke ndi timaenje, ndiye sopoyo akangofika pa kansalu kaja kamasiya kukana madzi, kamanyowa, madzi obiriwira nkuyamba kudutsa onse. Ndalama yalowa mmadzi pamenepo.

Chomwe ungawauze abwana sabata ino nchotchipa. Aike mathanki otsukira atatu motsatana, madzi oyera azilowa mu thanki yomaliza nkumasefukira chobwerera, chitsulo chikatuluka mu bafa uzichiyembekeza kaye chidonthe bwino bwino, ndipo madzi a thanki yoyamba amene ali obiriwira kwambiri uziwonjezera mu bafa popeza bafayo imakhala yofunda ndipo imaphwa yokha. Otsalawo athiremo laimu nikelo ikhazikike pansi ngati matope asanatsegule ngalande, ndiponso lamulo la EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, silimalola kutaya madzi otero popanda chilolezo. Uwauze mwaulemu kuti nikelo imene ikupita mu Mukuvisi anaigula ndi madola awo, amva msanga.

Iweyo pawekha usaitaye nkhaniyi. Boma la Zimbabwe linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayenga mu Disembala 2022, ndipo migodi ngati Bikita ndi Arcadia ya ku Goromonzi ikukakamizidwa kuyengera konkuno. Kuyenga lithium ndi asidi kumasiya madzi odzadza sodium sulphate, mchere womwe umalowa mu sopo waufa ndi popanga magalasi, ndipo kuulekanitsa ndi madzi ndi ntchito yomweyi ya timibulu. Mnyamata wodziwa kale kuyeza pH (ukali wa asidi m'madzi) ndi kusamala thanki ngati iwe, ukawonjezera kosi ya madzulo pa Harare Polytechnic udzafunika kumeneko.

Komanso kalata yako sinanene ngati umavala magolovesi. Nikelo imatulutsa zidzolo zoyabwa mmanja zovuta kupola, ndipo fumbi la timibulu touma tija siloyenera kupuma. Undilembere undiuze ngati amakupatsani magolovesi aatali ndi masiki.