Khansa ya pakhosi yapezeka msanga: tisankhe opaleshoni kapena radiotherapy?

FUNSO: Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 58 ndipo anayamba kusuta fodya ali mnyamata. Mawu awo anasasa kwa miyezi itatu, ndipo atawaunika ndi kakamera kolowetsa m'mphuno n'kudula kanyama kokayeza, anatiuza kuti ali ndi khansa pa kamnofu kamodzi kotulutsa mawu, koma ili pa siteji yoyamba. Atiuza kuti tisankhe opaleshoni ya leza (yodula ndi kuwala kwamphamvu) kapena radiotherapy (kupha khansa ndi mphamvu yochokera m'makina). Amuna angawo akukanitsitsa opaleshoni poopa kuti awachotsa kholingo n'kuwaboola pakhosi, ndipo achibale akudabwa kuti bwanji madokotala sanatchule kemo, mankhwala amphamvu aja opha khansa. Tichite chiyani? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kufunsa musanasankhe. Khansa ya pa timinofu totulutsa mawu ikapezeka pa siteji yoyamba imachizika bwino kuposa khansa zambiri, moti pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse amachira, kaya athandizidwa ndi leza kapena ndi radiotherapy. Zili choncho chifukwa pamalopa pali tinjira tochepa kwambiri timene khansa ingadutsemo kupita ku tizigawo ta m'khosi tija timatupa munthu akatuluka mwanabere. Komanso kachotupa kakang'ono ngati njere kamasasitsa mawu msanga, ndipo munthu amafika kuchipatala nthenda isanazike mizu.

Mantha a bambo ndi omveka, chifukwa opaleshoni imene akuiopayo iliko ndithu. Anaiyamba ndi dokotala Theodor Billroth ku Vienna mu 1873, ndipo munthu akachotsedwa kholingo lonse amapumira pabowo la pakhosi moyo wake wonse. Koma masiku ano imeneyo imachitika pa khansa imene yakula kwambiri, kapena imene yabweranso chithandizo china chitalephera. Imene bambo auzidwayi ndi ina. Wodwala amagonetsedwa ndi mankhwala, dokotala n'kulowetsa kapaipi kachitsulo kudzera m'kamwa mpaka pakholingo, ndipo akuyang'ana ndi makina okuza zinthu, amadula chotupacho ndi kuwala kwa leza pamodzi ndi kamnofu kochepa kabwinobwino kozungulira. Khungu la pakhosi silichekedwa n'komwe. Ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, n'kupumitsa mawu kwa masiku angapo. Kanyama kochotsedwako kamakayezedwa, ndipo ngati m'mphepete mwake mwapezeka khansa, dokotala angabwereze opaleshoniyo popanda vuto lalikulu. Kuipa kwake n'kwakuti akadula mozama, mawu amatsala osasa kapena ofooka mpaka kalekale.

Radiotherapy, imene ambiri amaitcha kuwotcha, sifuna mpeni kapena kugonetsa munthu, koma imafuna kupirira. Poyamba amaumba chigoba cha pulasitiki chotengera nkhope ndi khosi la wodwala. Chimaikidwa chili chofunda ndi chofewa, kenako chimauma n'kugwira mutu kuti usasunthe, n'cholinga choti mphamvu ya makina igunde malo omwewo tsiku lililonse. Wodwala amapita masiku 5 pa sabata, kwa masabata 4 mpaka 7 malinga ndi dongosolo la madokotala, ndipo ulendo uliwonse amagona pamakinawo kwa mphindi zochepa osamva kupweteka. Mavuto amayamba cha m'sabata yachitatu: kukhosi kumachita zilonda, kumeza kumawawa, khungu limada ngati lopsa ndi dzuwa, ndipo mawu amayamba asasa kwambiri asanayambe kubwerera. Apa ndi pamene ena amagwa mphwayi n'kuyamba kujomba, koma ndikupemphani kuti ngati mwasankha njirayi, bambo asadumphe tsiku popanda chifukwa chachikulu, popeza masiku odumphidwawo amapatsa khansa mpata woswananso. Zakudya zofewa, madzi ambiri ndi mankhwala opha ululu zimathandiza kudutsa nyengoyi. Ndionjezere kuti munthu wolandira chithandizochi sakhala ndi mphamvu ya makina m'thupi mwake, choncho mungagone naye chipinda chimodzi ndipo anganyamule zidzukulu popanda choopsa.

Popeza njira ziwirizi zimachiza mofanana, chimene chimalamula ndi pamene chotupacho chakhala. Ngati chili pakati pa kamnofu kamodzi ndipo sichinalowe mkati, ine ndimakondera leza, pa chifukwa chimodzi chachikulu: radiotherapy kawirikawiri siperekedwa kawiri pamalo amodzi, choncho munthu amene wayamba ndi leza amakhala atasunga chida china champhamvu chodzagwiritsa ntchito khansa ikadzabweranso. Koma ngati chotupa chafika kutsogolo pamene timinofu tiwiriti timakumana, kapena chagwira mbali zonse ziwiri, kudula kungasiye chipsera chowononga mawu, ndipo radiotherapy ingakhale yabwino koposa, makamaka kwa munthu amene amadya ndi mawu ake monga mphunzitsi kapena woimba. Palinso anthu amene khosi lawo ndi louma kapena kukamwa sikutseguka mokwanira, moti dokotala sangaone bwino chotupacho kudzera m'kamwa. Pa ulendo wotsatira mupite nawo limodzi, mupemphe dokotala kuti akujambulireni papepala pamene chotupa chili, ndipo mumufunse mosabisa kuti adzadula mozama bwanji komanso kuti mawu adzamveka motani pambuyo pake.

Za kemo achibale asadandaule, chifukwa sikuti madokotala akuwamana bambo chithandizo. Mankhwala monga cisplatin amaphatikizidwa ndi radiotherapy khansa ikafika pa siteji yachitatu kapena yachinayi, ndipo angawononge impso ndi makutu. Kuwapereka pa siteji yoyamba kungakhale kuvutitsa thupi popanda phindu.

Owerenga ena adziwe kuti khansa ya kumtunda kwa kholingo, ya ma tonsil (timinofu tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi) kapena ya kutsinde kwa lilime imafalikira msanga m'khosi, choncho ngakhale itapezeka msanga, madokotala nthawi zambiri amathandizanso tizigawo ta m'mbali mwa khosi. Khansa yambiri ya ma tonsil imayamba chifukwa cha kachilombo kotchedwa HPV (osati HIV), ndipo imeneyo imamva chithandizo bwino.

Tibwerere kwa bambo, pa nkhani ya fodya. Aleke lero, asadikire tsiku loyamba chithandizo, chifukwa kusuta pa nthawi ya radiotherapy kumachepetsa mphamvu yake, kumakulitsa zilonda za kukhosi, ndiponso kumaika munthu pangozi ya khansa ina ya m'mapapo kapena ya kummero. Mowa nawonso aupewe. Ngati chibaba chikuwavuta, auze dokotala, popeza pali mankhwala othandiza kusiya. Musalole kuti masabata ambiri adutse mukusinkhasinkha. Chithandizo chikatha, adzafunika kuunikidwa ndi kakamera kaja pakapita mwezi umodzi mpaka itatu m'chaka choyamba, kenako motalikirapo mpaka zaka 5, chifukwa khansa ikafuna kubweranso imatero makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Akalandira radiotherapy aziyezetsanso magazi kuti aone ngati chithokomiro chikugwira bwino ntchito, ndipo mawu akadzasasanso kwa masabata atatu, apite kuchipatala osadikira tsiku limene anawalembera.