Musanalembe controversial, onani chomwe chikukanganitsa anthu

Achemwali, mwati m'nkhani yanu ya Chingerezi liwu loti controversial, lonena za chinthu chomwe anthu akukangana nacho, labwera kasanu, ndiye mukufuna ena olowa m'malo mwake. Mawuwo alipo ambiri, koma sangolowana chisawawa. Yambani mwadzifunsa kuti anthuwo akukangana chiyani kwenikweni.

Ngati akulimbirana kuti zoona ndi ziti, kapena chinthucho ndi cha yani, lembani disputed kapena contested. N'chifukwa chake atolankhani akamanena za Kashmir, dera lomwe India ndi Pakistan akhala akulimbirana kuyambira 1947, amati disputed territory. Sakugamula kuti wolondola ndani, akungosonyeza kuti mbali ziwirizo sizinamvane.

Nkhani ikagawa anthu pakati, mpaka a m'nyumba imodzi kuleka kulankhulana, liwu lake ndi divisive. Chitsanzo chake ndi voti ya Brexit ya mu 2016 ku Britain, pomwe anthu 52 pa 100 alionse ovota anasankha kutuluka mu European Union, bungwe la mayiko a ku Ulaya, 48 n'kukana. Polarising ndi lolemererapo: aliyense wathawira kumapeto kwake, woima pakati palibe. Contentious ndimalikonda polemba za misonkhano ndi malamulo, monga ndime imodzi yomwe imadzutsa phokoso ikangowerengedwa.

Pomwe ndikupemphani kusamala kwambiri ndi pa provocative ndi inflammatory. Awa salongosola nkhaniyo ayi, amaloza chala munthu. Provocative akutanthauza kuti wolankhulayo akuputa dala. Inflammatory ali pachibale ndi flame, lawi la moto, ndiye mukalemba kuti wandale wina analankhula inflammatory remarks, mwamuweruza kale kuti akukolezera moto. Ngati ndi zomwe mukufuna kunena, ndipo umboni muli nawo, lembani. Ngati ayi, musalembe, chifukwa wowerenga adzaona kuti mwatenga mbali.

Ngakhale controversial yemweyo, ine ndimamuona ngati pobisalira. Wolemba amangoti a controversial law osanena kuti akudandaula ndani komanso chifukwa chiyani. Pa kasanu kanuko, yesani malo amodzi kuchotsa liwulo n'kulemba kuti aphunzitsi akukana lamuloli chifukwa chakutichakuti. Muona chiganizo chikumveka bwino.

Lina loti moot point lisiyeni kaye. Ku Britain limatanthauza nkhani yoti anthu angathe kutsutsana, pomwe ku America ambiri amamva kuti nkhaniyo ilibenso ntchito.