Pabalaza pa Khirisimasi yozizira: yankho kwa achemwali a ku Leicester

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena amene anabwera ku Leicester, kuno ku England, chaka chino kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Akuti nyumba yawo ndi ya lendi, pabalaza pali sofa imodzi yotuwa, pansi ndi matabwa, makoma oyera mbee. Ana awo afika kumene kuchokera kumudzi, ndipo iyi ndi Khirisimasi yawo yoyamba m'chisanu. Funso lawo linali lakuti: "Ndigule nsalu zanji kuti pabalaza pakhale pofunda ndi pooneka ngati pakhomo, koma ndalama zisathe?"

Achemwali, choyamba musathamangire zofiira za Father Christmas zimene zadzaza m'mashopu. Zimenezo mu Januwale mudzazipinda n'kuziika m'katoni, pamene kuzizira kudzakhala kukadalipo mpaka Malichi. Kwathu Khirisimasi ndi mvula, kutentha, chimanga chili m'maondo, mpunga wa nkhuku tikudyera pakhonde. Kuno pa 21 Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo kuyambira pamenepo banja lonse limaunjikana pabalaza mpaka kukagona. Choncho ndalama yanu iyambe yapita kumene mphepo ikulowera, kukongola kubwere pambuyo pake.

Madzulo ano vulani nsapato, muyende pabalazapo. Ikani dzanja pansi pa chitseko, kenako m'mphepete mwa windo. Mudzamva nokha pamene pakufunika nsalu.

Pawindo pamafunika makatani olemera, okhala ndi nsalu yachiwiri kumbuyo kwake. Koma chenjerani ngati radiator, chitsulo chotenthetsa m'nyumba, ili pansi pa windo, monga zilili m'nyumba zambiri zakuno. Katani lalitali likaphimba radiator, kutentha konse kumathawira kugalasi, inu n'kumalipira gasi wotenthetsa msewu. Pindirani katanilo pakhonde la windo, kapena gulani lalifupi. Pansi pa chitseko sokani kathumba kakatali ngati munsi wogona, mudzazemo zigamba kapena masokosi akale. Angelezi amakatchula draught excluder, ndipo mwana wa zaka khumi akhoza kukasoka pamanja.

Tsopano mabulangete, pamene mtima wanga uli. Dziko lino ndi la nkhosa, ndipo luso lawo pa nsalu lili mu ubweya. Tawuni ya Witney ku Oxfordshire inatchuka zaka mazanamazana chifukwa cha mabulangete, mpaka fakitale yomaliza inatsekedwa mu 2002. Mabulangete amenewo akadalipo m'nyumba za anthu okalamba, ndipo amatulukira m'mashopu a charity, kaunjika wakuno. Ku Wales amaluka mabulangete ochindikala a mbali ziwiri, mawanga a kutsogolo akatembenuzidwa mitundu imasinthana. Fakitale ya Melin Tregwynt ku Pembrokeshire ikuwalukabe. Ku Scotland kuli nsalu ya tartan ya mabokosimabokosi, ndi nsalu ya ubweya ya Harris Tweed, imene lamulo la 1993 limati iyenera kulukidwa pamanja, pakhomo pa wolukayo, pazilumba za Outer Hebrides. Zatsopano n'zodula, musavutike nazo chaka chino. Lowani m'mashopu a charity ngati a Oxfam kapena British Heart Foundation, werengani kachikalata ka m'mphepete. Mukaona 100% wool, tengani ngakhale mtundu wake usakusangalatseni kwenikweni. Bulangete la ubweya limalemera pamiyendo, limanunkhira nkhosa pang'ono likanyowa, ndipo siligwira moto msanga ngati la polyester limene limasungunuka.

Ine ndinaphunzira movutikira. Chaka changa chachiwiri ndinagula bulangete lobiriwira pa shopu ina, ndinaliyala pasofa tsiku lomwelo. Pofika Febuluwale juzi yanga yopitira kutchalitchi inali ndi timabowo tisanu pachifuwa. Njenjete zinabwera ndi bulangetelo. Kuyambira pamenepo chilichonse cha ubweya chogula pa kaunjika ndimachimanga m'pulasitiki, n'kuchiika mufiriza sabata yathunthu chisanalowe pabalaza. Pochapa, madzi akhale ozizira kapena osapitirira madigiri 30, ndipo musaliike m'makina oumitsira. Lidzatuluka laling'ono ngati la mwana wakhanda, lolimba gwa.

Mitundu yake musaichulutse. Sofa yanu ndi yotuwa, ndiye bulangete likhale loyererako ngati mkaka, la khofi, kapena lobiriwira modera. Musalipinde bwinobwino ngati la kuhotela, ligwetseni pamkono wa sofa kuti aliyense alikoke osapempha. Lachiwiri likhale m'dengu pafupi. Pansi ikani kapeti yokwanira kuti miyendo yakutsogolo ya sofa iponde pamenepo. Kakang'ono kapakati kamangooneka kosochera, ndipo mapazi amazizirabe. Patebulo yalani chiguduli chatsopano, kuno amati hessian. Inde, chiguduli chomwe chija timathiramo mtedza. Azungu amachigula pa mita n'kumachikonda chifukwa cha kukhakhala kwake, ndipo mukaikapo nthambi za paini ndi zibalobalo zake zotola kupaki ndi ana, tebulo latha.

Munafunsanso ngati zitenje zanu zingagwire ntchito. Chitenje ndi thonje lopyapyala, sichitchinga mphepo, ndiye musachisandutse katani pachokha. Koma pamakhushoni palibe chochiposa. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimatulutsa zikuto za makhushoni atatu, zotsala n'kukutira kathumba ka pachitseko kaja. Sankhani chimodzi chokha, chofiira modera kapena chachikasu chakupsa, chiime pakati pa ubweya wodekhawo. Mukaika zitatu zosiyana zimakangana. Khushoni langa ndinasoka ndi chitenje chimene mayi anandiveka pabwalo la ndege, ndipo mwana wanga wamng'ono amagonera lomwelo akamaonera TV.

Popeza nyumba ndi ya eni, musakhome misomali, angakuduleni dipoziti. Kuli ndodo za makatani zongokanikiza pakati pa makoma, ndi timbedza tomata tochoka osasiya chipsera. Sofa isagunde khoma lakunja; siyani mpata wa chikhatho, apo ayi mudzapeza chuku chakuda kumbuyo. M'mawa tsegulani makatani ndi windo kwa mphindi zochepa, mupukute madzi a pagalasi.

Za makandulo ndikupemphani ndi mtima wonse. Pabalaza podzaza nsalu, ana akuthamangathamanga, kandulo asayandikire katani kapena chiguduli, ndipo bulangete lisayanikidwe pa hita yamagetsi ngakhale kwa mphindi imodzi. Gulani makandulo a mabatire, kuwala kwake n'kofanana. Magetsi a kudenga muzimitse, muyatse nyale yapatebulo ya babu lachikasu.

Mukamaliza kusoka makhushoniwo munditumizire chithunzi, achemwali, ndikufuna ndione chitenje chimene mwasankha.