Chomera choyanga cha ku Quelimane chija ndi katupe yemweyu?

Achimwene ena anditumizira email, akuti anali ku Quelimane pa geni ya nsomba zouma ndiye anaona asodzi akusinja mizu ya chomera china choyanga m'mitengo ya mangrove, ija imamera m'matope amchere m'mbali mwa nyanja, kenako nkufinyira m'thamanda madzi ataphwera, posakhalitsa nsomba zonse mbwee pamwamba. Akufunsa ngati ndi katupe wathu yemweyu, komanso ngati angatenge mbewu akadzale kwawo ku Dedza azipopera mpiru ndi repu.

Achimwene, mmene mwafotokozeramu chimenecho ndi Derris trifoliata. Ndi cha banja la nyemba, masamba ake amakhala atatuatatu kapena asanu pa kamtengo kamodzi, maluwa oyera ofiirira pang'ono, ndipo zikhokhombe zake ndi zaphwatalala zimayandama, ndichifukwa chake chili ponseponse, Mozambique, Tanzania, Kenya, India mpaka zilumba za Pacific uko. Ena amapota tsinde lake nkukhala chingwe koma chomwe chinatchukitsa ndi mizuyo. Muli poizoni wotchedwa rotenone, amalowera m'makha mwa nsomba nkutseka kuti thupi lisagwiritse ntchito mpweya, nde nsomba imathamangira pamwamba kukamwa kuli yasa ngakhale madzi ali bwinobwino. Ku Malaysia ali ndi mbale wake Derris elliptica amati tuba, ameneyo ankachita kulimidwa nkugulitsidwa kunja ngati mankhwala ophera tizilombo m'munda.

Si chomera chimodzi ndi zathu kuno koma ntchito ndi yomweyo. Ndipo tisanamizane, kusodza kotere nkoononga, sikusankha, kumapha ndi tiana tomwe, chaka chamawa mudzagwira chani? Kuno kwathu lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kuthira poizoni m'madzi, mukagwidwa musadzati blogger anandiuza.

Zokadzala ku Dedza iwalani, chimafuna matope a kunyanja yamchere ndi kutentha, kuzizira kwa June kuja sichingapirire. Mukuvutikiranji pomwe ombwe alipo? Tephrosia vogelii ameneyo, nayenso wa banja la nyemba, ali ndi poizoni wa mtundu womwewo komanso amabwezeretsa chonde mnthaka. Sinjani masamba, nyikani m'madzi usiku onse, sefani, onjezerani kasopo pang'ono nkupopera madzulo coz dzuwa limaupha mphamvu msanga. Koma valani zodziteteza osapopera chimanjamanja, ku European Union rotenone anamuchotsa pa mankhwala a m'munda mu 2008, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo. Zotsukira sprayer osakatayira kumtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba la aneba.