Chinkhoswe cha ku Nkhotakota, dzuwa la Okutobala ndi matenda a MS

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene anapezeka ndi matenda a multiple sclerosis, omwe ambiri timangoti MS. Mng'ono wawo ali ndi chinkhoswe ku Nkhotakota mu Okutobala. Akuti chaka chatha atapitako, miyendo inalemera, diso limodzi linachita chimbuuzi, ndipo anabwerako akulira poganiza kuti matenda akula. Funso lawo n'lakuti: "Ndipite, kapena kutenthako kundipundula?"

Achemwali, pitani. Ine ndimakhala kuno ku Salima ndi matenda omwewa, ndipo zimene munaonazo zimandichitikira chilimwe chilichonse.

Mitsempha yathu ili ngati waya wa magetsi wokutidwa bwino. Chokutiracho amachitcha myelin, ndipo kwa ife a MS, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kumachiwononga. Pamalo posupukapo uthenga umadutsa movutikira kale. Ndiye thupi likangotentha, ngakhale ndi theka la digiri, uthengawo umachedwa kapena kuimiratu. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba zimenezi mu 1890 ataona odwala amene maso awo ankachita chimbuuzi akagwira ntchito yotenthetsa thupi. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi ichi: kutentha sikubweretsa chilonda chatsopano m'mitsempha. Kumangodzutsa zizindikiro zakale, ndipo thupi likazizira zimabwerera mwakale.

Lilongwe ali pamtunda, ife tili kuchigwa m'mbali mwa nyanja. Mukamatsika pa msewu wa M14 mumamva mpweya ukusintha musanafike n'komwe pa Kamuzu Road ku Salima. Ulendo wanu ndi wa makilomita pafupifupi 200, choncho nyamukani mbandakucha kuti dzuwa likamafika paliwombo mukhale mutafika. Chimene chimatifoola kwambiri ndi kudikira minibasi kuti idzaze, muli chikhalire m'kati mwa chitsulo chotentha. Ikani chikwama pampando wa pawindo, inu mukhale pamthunzi mpaka injini italira. Tengani kansalu konyowa koika pakhosi ndi botolo la madzi oundana lomwe lizisungunuka m'njira. Kumwa madzi ozizira pang'onopang'ono kumathandizadi.

Pa madzi pomwepa ndiimepo, chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsa. MS imasokoneza chikhodzodzo, ndiye poopa kuimitsa galimoto anthu akuona, timadzimana madzi kuyambira dzulo lake. Ndinachitapo zimenezi pa ulendo wa kumaliro, ndipo ndinafika ndikudzandira moti ena ankanong'onezana kuti ndaledzera. Zinandipweteka mumtima kwa nthawi yaitali. Thupi lopanda madzi limalephera kudziziziritsa ndi thukuta, komanso mkodzo ukachepa matenda a m'njira ya mkodzo amalowa mosavuta. Muuzeni kondakitala musananyamuke kuti ndinu odwala ndipo mungafune kutsika pang'ono. Ambiri amamva. Mukafika pa Salima pitani kuchimbudzi musanakwere ya pa M5.

Tsopano chimene ndimaopa kuposa dzuwa: malungo. Kunyanja udzudzu sumatha, ndipo kutentha thupi kwa malungo kumadzutsa zizindikiro za MS ngati mmene dzuwa limachitira, mwinanso kuposa. Mukakhala pozizira, mwasamba, mwamwa madzi, koma thupi likadali lotentha, mutu ukuwawa kapena mkodzo ukuotcha, musanene kuti ndi MS yanga yomweyi. Pitani kuchipatala akakuyezeni tsiku lomwelo. Ndipo chizindikiro chikakhala chatsopano, kapena chikapitirira maola 24 popanda kutentha thupi, dokotala wanu adziwe msanga, chifukwa mwina matenda ayambiranso. Neti nyamulani yanu, pa chinkhoswe alendo amachuluka.

Ngati mumabaya jakisoni wa MS monga interferon beta, nthawi zambiri amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, koma asaundane. Muikeni m'kabokosi kozizira, mutakulunga kansalu kuti asakhudze ayezi, ndipo funsani komwe mumalandira mankhwala kuti anuwo angakhale nthawi yotani kunja kwa filiji magetsi akazima.

Pamwambo penipeni, alamu ndi azakhali adzayembekezera kukuonani pamoto mukutakasa nsima. Musapiteko. Moto wa nkhuni kuphatikiza dzuwa ndi zimene zingakugwetseni tsiku lisanayambe. Lankhulani ndi amayi anu pafoni sabata ino kuti akudulireni ntchito ya pamthunzi, monga kusankha mpunga kapena kulandira mphatso, ndipo akusungireni mkeka pansi pa mtengo wa mango, osati m'nyumba ya malata masana. Pempheninso mtsuko wa madzi pafupi. Nyanja idzakukopani, koma m'malo a bango ndi madzi odikha muli likodzo, ndiye kuli bwino kudzithira ndowa ya madzi a pamjigo musanavale chitenje cha chinkhoswecho.