Opaleshoni ya ana, kuphunzitsa ndi kutsogolera: zimatheka

Achimwene, mwafunsa ngati mwana wanu angakhale dokotala wa opaleshoni ya ana, nthawi yomweyo n'kumaphunzitsanso ku yunivesite. Zimatheka ndithu. Onani Pulofesa Eric Borgstein wa ku Queens ku Blantyre. Kwa zaka zambiri akhala akuchita maopaleshoni a makanda obadwa matumbo atatsekeka komanso ana a khansa ya impso, kwinaku akuphunzitsa madokotala ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS). Analimbikiranso kuti ana akhale ndi malo awoawo ochitira opaleshoni, ndipo Mercy James Centre inatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la bungwe la Raising Malawi.

Koma muuzeni mwanayo kuti njira ndi yaitali. Akamaliza digiri ya udokotala (MBBS) ndi internship (nthawi yoyamba kugwira ntchito moyang'aniridwa), pali zaka zina zisanu za COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya m'chigawo chino cha Africa: ziwiri za opaleshoni wamba, zitatu za ana okha. Khanda si munthu wamkulu wochepa thupi. Magazi pang'ono akatayika, moyo uli pachiswe, n'chifukwa chake maphunzirowa safupikitsidwa.

Kuphunzitsako ine ndimakuona kofunika kwambiri, poti madokotala otere ndi ochepa zedi kuno kwathu. Ayambe msanga kuzolowera kafukufuku akadali pasukulu.