Kusiyana kwa TV wamba ndi sikirini yopangidwira malonda

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mwati mukufuna sikirini ya mainchi 55 yoika pazenera la sitolo yanu kuti izionetsa mitengo ya katundu tsiku lonse, ndipo wogulitsa wakuonetsani ziwiri zooneka zofanana, ina TV wamba ya 4K, ina yotchedwa commercial display, kutanthauza sikirini yopangidwira malo a malonda, ya mtengo wokwera kwambiri, moti mukukayikira kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu. Ine ndimagwira ntchito yopachika masikirini m'masitolo ndi m'matchalitchi, ndipo kusiyanako kulipodi, kungoti sikuoneka zonse zikayatsidwa pamthunzi.

Mawu akuti LED ndi amene amasokoneza ambiri. TV yolembedwa LED pakatoni kwenikweni ndi LCD, kutanthauza kuti galasi lake silitulutsa kuwala palokha, koma limangotchinga kapena kulola kuwala kochokera ku timababu tomwe tili kumbuyo kapena m'mphepete mwake. QLED, dzina lomwe Samsung inatchukitsa, ndi LCD yomweyo, anangowonjezeramo kansalu kokometsa mitundu. Yosiyana ndi zonsezi ndi OLED, momwe kadontho kalikonse kamadziyakira kokha, ndiye chifukwa chake pakuda pamadadi bii. Komabe pa ntchito yanuyi OLED musaiganizire, pakuti chinthu chosasuntha, monga dzina la sitolo, chikakhala pamalo amodzi miyezi yambiri chimatha kusiya chipsera chosafufutika.

Za 4K zisakutengeni mtima. Ndi timadontho 3840 chopingasa ndi 2160 chotsika, kuchulukitsa kanayi timadontho ta sikirini zocheperapo mphamvu ya chithunzi zotchedwa Full HD, koma munthu woima kutsidya la msewu sangaone kusiyana kwake.

Chomwe ndikufuna mufunsitsitse ndi mphamvu ya kuwala, yomwe amaiyeza mu nits. TV zambiri za m'nyumba zimakhala pakati pa 250 ndi 400, zomwe ndi zokwanira pabalaza. Sikirini zamalonda za mkati mwa nyumba kawirikawiri zimakhala za 350 mpaka 700, pomwe zopangidwira zenera loyang'ana kunja zimafika 2,500 kapena kuposa. Ndinaitanidwapo pa saluni ina pomwe anapachika TV wamba pazenera loyang'ana kumadzulo. M'mawa inkaoneka bwino, koma ikamakwana 2 koloko masana, dzuwa la mu Okutobala litaswa mtengo, woima pakhonde ankangodziona nkhope yake ngati pakalilole, ndipo pakati pa chithunzi pankabwera chigamba chakuda chomwe chinkachoka madzulo kukazizira. Mwiniwake ankati yawonongeka, koma vuto linali kutentha, chifukwa LCD ikapsa ndi dzuwa mopyola muyeso imaleka kugwira ntchito pamalo apsawo. Zopangidwira pazenera zimakhala ndi galasi lopirira kutentha, ndipo zambiri zili ndi timafani mkati. Choncho dziwani kuti si commercial display iliyonse yoyenera pazenera. Ya 500 nits nayonso idzakukhumudwitsani dzuwa likamaiomba.

Papepala lofotokoza za sikiriniyo mupezanso 16/7 kapena 24/7. Amenewo ndi maola omwe inapangidwira kuyaka pa tsiku, masiku onse asanu ndi awiri a pa sabata. Ngati mumatseka madzulo n'kuzimitsa, ya 16/7 ikukwanirani, ndipo musalipirire 24/7 pachabe. TV wamba sinapangidwire kuyaka chomwecho, komanso walanti yake nthawi zambiri siigwira ntchito zikadziwika kuti inkagwiritsidwa ntchito pa bizinesi, pomwe zamalonda zambiri zimabwera ndi ya zaka zitatu. Ngati mukufuna kuiimika chotalika ngati chitseko, funsani ngati imalola portrait, chifukwa TV wamba mukaitembenuza chotero mpweya wotentha sutuluka bwino m'mabowo ake.

Ndiye musanapereke ndalama, kaimeni panja pa sitolo yanu masana muone ngati dzuwa limafika pagalasi. Ngati limafika, gulani ya nits zosachepera 2,500, ngakhale itakhala yocheperako mainchi kuti ndalama zikwane. Ngati silifika, kapena mungathe kuipachika kukhoma la mkati pafupi ndi kauntala, ya 16/7 ya nits 500 ichita bwino. Pa ndalama zomwezo mupatulepo zogulira surge protector yodalirika, kachipangizo koteteza zinthu ku magetsi obwera mwamphamvu, popeza magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pozima, bolodi ya mkati ndi imene imayamba kupsa.